Njinga Yokana Kufulidwa

Kwathu ku Tengani njinga yamagiya sikhalitsa ndi magiya ake. Dothi lathu ndi makande, mvula ikangogwa matope ake amamata ngati phala la mapira. Amalowa m'kachitsulo kosinthira magiya kaja kamalendewera pateyala lakumbuyo, kamene ife timangokatcha kamkono. Waya wake amachita dzimbiri, kenako kamkono kamapindikira m'masipoko. Zikatero wokonza njinga amakachotsa, n'kudula tcheni kuti chifupike, njinga n'kutsala ndi giya imodzi. Poti ndife anthu a ng'ombe, ntchito imeneyi timaitcha kufula.

Katswiri wofula pamsika pathu ndi mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo timikono tonse timene wachotsa amatikoloweka m'nthambi kuti aliyense aone.

Ine njinga yofula sindingaithe. Bondo langa lakumanja linathera m'minda ya nzimbe. Pamalo athyathyathya ndimapalasa bwinobwino, koma mayi anga amakhala kumapiri akumadzulo, ndipo kutsika anakana kwamtuwagalu. Amati kutentha kwa kuchigwa kumapha nkhalamba, nanga manda a bambo awasiyire ndani? Chitunda chopita kumeneko, wopanda giya yopepuka amatsika n'kumakankha, ndipo kukankhako ndi kumene bondo langa limakana. Njinga yamoto ndinayesapo, mabampu ake anandigoneka sabata. Miyezi inkatha osawaona mayi, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Mng'ono wanga amagwira ntchito m'sitolo ya njinga ku Joni. Atamva dandaulo langa ananditumizira njinga yakutha ndithu, yokalikakalika, koma yodabwitsa. Inalibe waya wa magiya. Pahandulo panali kabatani, ndipo pakamkono panali kabatire konga bokosi la machesi, kamene ndinkatchajitsa kwa anthu otchaja mafoni ndi sola. Ukadina kabatani, kamkono kamalira kuti zwii, n'kusuntha kokha.

Mnzanga uja anaizungulira njingayo, akufunafuna ndi zala.

"Iwe, waya wake ali kuti?"

"Palibe."

"Nanga zimauzana bwanji?"

"Foni yakoyo ili ndi waya?"

"Nkhabe," anakana m'Chisena, akupukusa mutu. "Zimenezi n'za m'misewu ya tala. Mvula ikubwera. Waiona nthambi iyo? Ndakusungira."

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinamuuza kuti adzayambe wadzikoloweka yekha panthambipo.

Chilimwe chonse ndinkakwera kwa mayi Lamulungu lililonse. Ndikafika pachitunda ndinkangodina, zwii, zwii, mapedulo n'kupepuka, ine n'kumadutsa anyamata amphamvu akukankha njinga zawo zofula. Ena ankati ndi mankhwala a ku Joni. Ndinkawasiya anene.

Kenako mvula inabwera. Loweruka lina ndikuchokera kumunda wa thonje, teyala lakutsogolo linaterereka m'makande. Ndinagwa chagada, njinga n'kugwera mbali ya magiya, kamkono n'kumenya chitsa kuti gwa! Nditadzuka ndinapeza kumbuyo konse kuli chibuma cha matope. Ndinadina kabatani. Zii. Ndinadinanso, ndinadinanso. Mayo ine! Sindinaganize za njinga ayi, ndinaganiza za mayi atakhala pakhonde mawa lake akuyang'ana kunjira.

Ngolo ina yodutsa inandinyamula pamodzi ndi njinga mpaka pamsika. Tisanaitsitse n'komwe anthu anali atadzaza pansi pa bwemba, ndipo mnzanga anali atatenga kale hamala ndi msomali wodulira tcheni. Sanaseke, ndimuyamikire pamenepo.

"Pepa m'bale wanga," anatero. "Makande salemekeza za ku Joni. Bweretsa tiifule, uziyendera kumunda."

"Nanga kumapiri?"

Bondo langa amalidziwa, koma hamala anali ataigwirabe.

"Chotsa hamala yakoyo," ndinakalipa. "Ng'ombe saifula ili m'matope. Ndipatse madzi."

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandibwereka chidebe. Ndinakhala pansi n'kuyamba kukokolola matope ndi kamtengo, uku ndikuthira madzi pang'onopang'ono. Anthu ena ochokera kumapiri kwa mayi anatopa n'kudikira, ananyamula mchere wawo n'kumapita. Kamkono kataonekera, mnzanga anagwada, n'kutsinzina diso limodzi kuti aone ngati kapindika.

"Iii," anatero. "Kali chilili."

Mng'ono wanga anali atandiuza kuti kamkono kotere kakamenyedwa sikalimbana ndi chomenyacho, kamathawira mkati n'kubwerera pamalo pake. Ndinkayesa akungotama katundu wa abwana ake. Koma nanga bwanji sikankalira? Ndikupukuta ndinamva kabatire kakugwedera. Kachotsekera kake kanali katatseguka pomenya chitsa paja, matope n'kulowa pansi. Ndinakachotsa, kupukuta ndi shati yanga mpaka mbee, kuuzira, n'kukabwezera kuti kwa! Kanyali kobiriwira kanaphethira.

"Nyamula teyala," ndinauza mnzanga.

Ananyamula. Ndinazungulitsa pedulo ndi dzanja n'kudina. Zwii! Tcheni chinakwera. Zwii, zwii, zwii, mpaka giya yomaliza, n'kutsikanso osaphonya ngakhale imodzi. Mayi wa zitumbuwa anaimba nthungululu. Ine ndinaiwala bondo, ndinavina pomwepo matope ali thupi lonse, ndikuloza nthambi ija.

"Kolowekapo hamala yako!"

Mnzanga anaseka mpaka kutsokomola. "Iyi ndi nkhunzi," anauza anthu. "Iyi sindiikhudza."

M'mawa mwake ndinadikira kuti dzuwa liumitse njira, ndipo ndinakwera chitunda chonse osaponda pansi. Pakhonde sindinawapeze mayi. Anali m'nyumba, atagona pamphasa chitseko chili chotseka. Atamva mawu anga anatuluka akudzikoka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabwera bwanji iwe?"

"Ndapalasa, mayi."

"Anthu ochokera kumsika dzulo anati njinga yako aifula. Ndinawauza azakhali ako kuti basi, mwana wanga uja adzabwera pa maliro anga."

Ndinawagwira dzanja, kupita nawo panjinga, n'kuika chala chawo pakabatani. Anadina mwamantha. Zwii! Anadzidzimuka, kenako anadinanso dala, akuseka ndi mano awo otsalawo.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, akuuza kamkono kaja, osati ine. Kenako anatembenuka. "Ndiye Lamulungu likubwerali undibweretsere mlamba wouma. Usaiwale ngati ulendo uja."