Atatu a mlamu wanga

Mphekesera inandipeza ndili pampando wa wometa, mutu utametedwa mbali imodzi. Akuti mlamu wanga, uja wowotcherera zitsulo kuseri kwa sitolo ya penti, ali ndi akazi atatu amseri. Osati mmodzi ngati mmene amachitira amuna amanyazi, koma atatu. Ndinaseka mpaka makina ometera anandiluma khutu. Koma nditatuluka panja kuseka kunazilala, chifukwa gwero la nkhaniyo linali mayi wogulitsa nthochi pakhomo pa sitolo ya mankhwala, ndipo mayi ameneyu sanama, amangowonjezera. Akuti anamva ndi makutu ake mlamu wanga akunong'oneza wogulitsa mankhwala kuti, "Ndili n'atatu, koma akunyumba asadziwe. Ndipatseni mafuta aja."

Mlamu wangayu dzina lake lenileni tinaliiwala kale. Msewu wonse umamuitana kuti Bweranimawa, ndipo dzinali analipata chifukwa cha mlongo wanga. Mlongo wanga ndi telala. Adakali mtsikana, sizasi yake inathyoka chogwirira, ndiye anapita nayo kwa mnyamata wowotcherera. Mnyamata anaiyang'ana sizasi, nkuyang'ana mwini wake, nkuti, "Bwerani mawa." Mawa lake anati bwerani mawa. Mvula inayamba mpaka kutha, mwana wa mayi anga akuyenderabe sizasi. Tinadzamva patsiku la ukwati kuti sizasiyo anaiwotcherera tsiku loyamba lomwelo nkuibisa pansi pa benchi. Mpaka lero mlongo wanga amadulira yomweyo, ili ndi chotupa pachogwirira ngati bondo la nkhalamba.

Munthuyu mawu ndi osowa. Ukamupatsa moni amayankha ndi chibwano. Mlongo wanga akadandaula kuti samva mawu okoma m'nyumba, m'mawa mwake amapeza poika mapoto patsopano. Akakangana, amamuwotcherera mpando. Bedi ndi lachitsulo, tebulo la makina osokera ndi lachitsulo, ngakhale popachika matawulo. Kukamachita ziphaliwali ine kwawo sindipondako. Ndiye munthu wotereyu akazi atatu angawauze chiyani? Koma ndinakumbukanso kuti madzi odikha ndi amene amamiza, ndipo mtima wanga unagawikana pakati.

Tsiku lomwelo mlongo wanga anabwera kwanga, tepi yoyezera ili m'khosi, maso ali psuu.

"Achimwene, munthu uja wasintha. Akugona ndi malaya, chafufumimba ngati wakuba wagwidwa. Ndikati ndimukhule kumsana posamba, akukhoma chitseko. Malaya ake onse ali ndi banga la mafuta paphewa, mafuta amene m'nyumba mwanga mulibe. Msewu wonse ukuti ali ndi akazi atatu. Ndipo dzulo ndamumva akuimba."

"Akuimba?"

"Akuimba, achimwene. Loweruka mubwere ndi wilibala, mudzatenge makina anga."

Apo ndinadziwa kuti zavuta. Awiriwa akangana kambirimbiri, mbale zauluka, koma makina osokera sanatulukepo pakhomo paja. Makina akatuluka ndiye kuti banja latha.

Vuto linali lakuti ine wilibala ndilibe. Mumsewu mwathu muli wilibala imodzi yokha, ndipo mwini wake ndi Bweranimawa. Choncho masana a tsiku lotsatira ndinapita kukabwereka wilibala yothetsera banja lake kwa iye mwini. Ndinapeza chitseko cha malata chili chotseka, mafelemu a mawindo atatsamira khoma, makina owotcherera ali chete. M'kati munkamveka kubuula kwapansipansi. Ndinati eya, lero ndiona mmodzi mwa atatuwo. Ndinaika diso pabowo la msomali.

Mlamu wanga anali yekha, wopanda malaya, atafulatira galasi la njinga yamoto limene analimangirira pa vaisi yopanira zitsulo. M'manja anali ndi chitsulo chachitali chopindika, kumapeto kwake atawotchererako supuni, supuniyo ataikulunga kansanza. Ankayesa kudzifikira kumsana, khosi litapotoka ngati nkhuku yoona kabawi.

Ndinakankha chitseko. "Alamu, atatu aja mwawabisa mu diramu?"

"Tsekani chitseko, alamu."

"Nditseka ndikaona nkhope zawo."

Anatembenuka, nkundionetsa msana. Pansi pa phewa lamanzere panali sizasi yojambulidwa ndi inki yakuda, yotsegula pakamwa, chotupa chija chili pamalo pake penipeni. Khungu linkasupuka timamba totuwa ngati njoka yofundula.

"Mphini zanji izi pa ukalamba uno?"

"Si mphini. Ndi tatu."

"Atatu?"

"Tatu, alamu. Tatu. Ndi mmene amazitchulira achinyamata."

Ndinakhala pansi pa mulu wa mapaipi, nkuseka mpaka chifuwa chinandigwira. Ine sukulu ndinaisiya pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, koma samu iyi ndinaikhoza: mayi wa nthochi anawonjezera chilembo chimodzi chokha, mlamu wanga nkusanduka wamitala.

Nditamufunsa chimene chinamugwira, anakanda chitsulo ndi chala nthawi yaitali. Kenaka anati mlongo wanga, tsiku lina akupukuta mpando, ananena kuti, "Chilichonse chimene mumandipangira chimachita dzimbiri." Mawuwo anamulowa. Anayendayenda kufuna chinthu chosachita dzimbiri, mpaka anafika kwa mtsikana wojambula pathupi pamwamba pa sitolo ya mafoni.

"Nanga mukubisiranji?"

"Sinapole. Ntchito yosatha sindipereka."

Ndinamulanda chisupuni chake chija, pakuti kansanzako kanali kakuda ndipo m'mbali mwa sizasi munali mutayamba kufiira. Mtsikana wojambula anali atamuuza zonse, iye nkuzisunga m'mutu ngati miyezo ya geti, kungoti mkono sunkafika. Ndiye anayamba kundilamula ngati ndine wophunzira ntchito. Sambani m'manja ndi sopo, alamu, mpaka m'zikhadabo. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, ndi zala zokha. Musakhule, ingogunditsani kansalu koyera, kenaka mudikire paume. Nditafinya kachubu ka mafuta, ndinadzaza chala chonse.

"Alamu, simukupaka girisi pa geti! Kadontho chabe, pangowala. Mukachulutsa khungu silipuma."

Ndinaona kamamba kena katatsala pang'ono kugwa, chala changa nkuyamba kukafuna.

"Musatong'ole! Inki ichoka nako."

"Nanga pakayabwa mumatani?"

"Ndimaimba."

Nyimbo ija inali imeneyo. Dzuwa ankalithawanso, poti limawononga inki, nchifukwa chake mageti ankawotcherera m'kati, chitseko chotseka, msewu nkumati muli alendo.

Nditamaliza kupaka ndinamuuza za wilibala. Munthu wakuda bii uja anatuwa. Koma mutu wake ndi wachitsulo ngati mipando yake. Anati, "Muwauze adikire pang'ono, timambati tithe."

"Ndikawauze kuti bwerani mawa?"

Anagwedeza chibwano.

Ndinaona kuti mawa limeneli litidyera makina. Ndiye ndinadzera kwa mlongo wanga, nkumupeza akulongedza ulusi m'katoni. Ndinati, "Mlongo, mmodzi mwa atatu aja ndamudziwa. Amabwera masana kudzamusisita kumsana. Ndi wadazi, mano anatha, miyendo ngati ndodo za ambulera. Ubwere mawa udzadzionere."

"Wadazi? Andisiye ine chifukwa cha wadazi?"

"Chikondi sichiona, mlongo."

Anabweradi. Chitseko cha malata chinatseguka ndi phazi, iye ali chilili, sizasi ili m'manja, pakuti telala sayenda chimanjamanja. Anapeza mwamuna wake atawerama pabenchi, ine ndili kumbuyo, chala chili mwaa ndi mafuta.

"Achimwene! Wadazi uja ndinu?"

"Ndine wamkulu pa atatuwo. Enawo sanabwere."

Mlamu wanga anafuna kutola malaya, koma ndinawaponda. Mlongo wanga anasendera, pakamwa pali potsegula kuti ayambe, ndiye anaona. Anayang'ana pamsana, nkuyang'ana m'manja mwake, nkuyang'ananso pamsana. Anakweza sizasi yake nkuiyandikiza pambali pa inzake.

"Mwajambulitsa ndi chotupa chomwe," anatero, mawu atachepa.

"Iyi sichita dzimbiri," anayankha mlamu wanga, akuyang'ana pansi. "Koma sinathe. Ndimati mudzaone ikapola."

"Ndiye mwandiika kumbuyo?"

"Kutsogolo kumagwa moto."

Zaka zonsezi sindinamvepo Bweranimawa akulankhula mawu ambiri chotere pakamodzi. Mlongo wanga anapukuta m'maso ndi kumapeto kwa tepi, kenaka, poti ndi mwana wa mayi anga, anafuna woti amukalipire. Anagwira dzanja langa nkuliyang'ana.

"Zikhadabo izi ndi zimene mukugwirira mwamuna wanga? Ndipo mafuta mwachulutsa. Chokanipo, achimwene, musandiwonongere sizasi."

Ntchito inandithera pomwepo, popanda ngakhale zikomo. Anasamba m'manja, nachotsa mafuta anga ndi kansalu, nkupaka ake mopyapyala, uku akumufunsa mwamuna wake malamulo onse a mtsikana uja. Madzulo ake anatulutsa ulusi m'katoni nkumusokera malaya awiri a nsalu yofewa, otaya kumsana, kuti asamakhule pachilonda. Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankatseka makina nkupita kuseri kwa sitolo ya penti, kachubu kali m'thumba la epuloni. Mlamu akayamba kuimba, iye ankamumenya pang'onopang'ono ndi chikhatho pamwamba pa malaya mpaka kuyabwa kuleke.

Timamba tinagwa tokha, kufiira kunatha, sizasi inatuluka yakuda bwino ngati yangochoka m'sitolo. Itapola, ine ndinaionako kamodzi kokha, mlongo wanga atandilola, ndipo anandiuza kuti ndione ndi maso, manja ndiike kumbuyo. Wilibala sindinabwerekenso.

Mayi wa nthochi ndinakamuuza ndekha, koma anati iye anamva zimene anamva. Anamva molakwa. Mlamu wanga alibe akazi atatu. Ali ndi mkazi mmodzi ndi tatu imodzi.