Mayi Amene Amayendetsa Maseva ndi Makutu

Tsiku limene Narelle Brannigan zinamuthera, anali ataima pa siteji ya basi ku Inala, mumzinda wa Brisbane, malo amene iye mwini monga dalaiva anaimikapo basi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Basi zitatu zinadutsa. Sanadziwe ngati ina mwa izo inali yake, chifukwa manambala sankawaonanso. Matenda a shuga anali atamudya maso onse awiri, ndipo laisensi anali atamulanda kale.

Yachinayi inaima. Dalaiva anatsegula chitseko n'kukuwa ngati kuti makutu a mayiyo nawonso anafa: "Mayi, mukupita kuti? Ndikugwireni dzanja?" Narelle anawadziwa mawuwo. Anali a munthu amene iye anamuphunzitsa kukhota ndi basi yaitali, koma munthuyo sanamuzindikire n'komwe. Narelle ananama kuti akudikira ina. Basi itapita anakhala pabenchi n'kulira.

Inu amene mukuwerenga mtima uli pansi, musathamange. Mayi ameneyu ndakhala naye moyandikana mu ofesi imodzi ku Brisbane zaka zinayi, ndipo mpaka lero ndikamuona akugwira ntchito ndimangoti kukamwa yasa.

Kumalo ophunzitsira anthu osaona anamupatsa pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa kompyuta. Poyamba inkamukwiyitsa. Akatsegula tsamba lokongoletsedwa, makina ankangobwereza kuti "chithunzi, batani, chithunzi," osanena kuti n'chithunzi cha chiyani. Tsiku lina mphunzitsi anamutsegulira zenera lakuda la pa kompyuta lopanda zithunzi, limene munthu umalemba lamulo, makina n'kukuyankha ndi mawu okhaokha.

Narelle analemba lamulo limodzi, namva yankho lonse, osatsala kanthu. Kenako anati, "Muno ndiye palibe wondiposa maso."

Anaphunzira ntchito yosamalira makompyuta zaka ziwiri. Mayeso anawalephera kawiri, kachitatu n'kukhoza. Liwu la makina analifulumizitsa pang'onopang'ono mpaka ife ena tikamvetsera timangomva phokoso, pamene iye akumva mzere uliwonse. Ntchito anafunsira malo ambiri. Pafoni ankamukonda, koma akangoona ndodo yake yoyera nkhani inkazirala. Kampani yathu ndi imene inamutenga, kwa miyezi itatu yomuyesa.

Ife timasamalira pulogalamu imene imatumiza galimoto zonyamula odwala impso kupita kokatsuka magazi. Pulogalamuyo inagawidwa m'tizidutswa mazana, kalikonse kotsekeredwa m'kabokosi kake kotchedwa kontena, ndipo makontenawo amayenda pa gulu la makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Amene amagawa malo ndi kapitawo wake, pulogalamu yotchedwa Kubernetes: akaona seva ili ndi mpata amaikamo kontena, ina ikafa amadzutsa inzake. Ine zimenezi zinanditengera chaka kuti ndizimvetse. Narelle atamva anangoti, "Ndi depoti imeneyi. Maseva ndi mabasi, makontena ndi okwera."

Vuto linali kiyi, chilolezo cholamula maseva. Tili ndi magulu awiri a maseva ofanana ngati mapasa, loyeserera ndi lenileni. Pa loyeserera ukhoza kuswa chilichonse, wina sangakufunse. Pa lenileni lamulo limodzi lolakwika likhoza kusiya wodwala pakhonde. Kuti tisasokoneze, zenera la loyeserera timalipaka zobiriwira, la lenileni zofiira.

Bwana wathu, Hamish Odgers, si munthu woipa, koma ndi wamantha. Anati, "A Narelle, ntchito mukuidziwa, sindikukana. Koma zofiira simungazione. Ndikupatseni bwanji kiyi?" Anamulola kumvetsera zochitika pa gulu lenileni, koma osakhudza kanthu. Tonse tinkadziwa kuti wopanda kiyi, miyezi itatu ikatha, amatsanzika.

Narelle sanakangane naye. Anakonza kompyuta yake kuti gulu loyeserera lizilankhula ndi liwu lopepuka la mtsikana, lenileni ndi liwu lamanzenene la bambo wachikulire. Mnzathu Tevita atamva liwu la bamboyo anaseka mpaka khofi kumutayikira. "Adalaiva, awa ndi apongozi anu? Akalankhula mpaka ine ndikufuna kuvula chipewa!" Dzina linakhala lomwelo. Hamish anamwetulira, koma kiyi sanapereke.

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, Lachinayi masana, tikudya mapayi pamadesiki, sikirini yaikulu yapakhoma inazima. Imeneyi ndi imene inkationetsa thanzi la maseva m'zithunzi zokongola. Mwa nzeru zathu zochepa tinaiika m'gulu lomwelo limene inkayang'anira, ndiye gulu litadwala nayo inadwala. Mafoni anayamba kulira. Madalaiva sankadziwa kopita, ndipo odwala oposa makumi anayi anali akudikira m'nyumba zawo.

Hamish anakhala pansi n'kuyamba kulamula kuti makontena onse adzukenso. Makina ankamuyankha kuti zatheka. Mafoni osasiya. Analamulanso, makina n'kuvomeranso, thukuta lili kamukamu. Zinatero mphindi makumi awiri, enafe titamuzungulira kumbuyo, maso onse pa sikirini yake.

Narelle anali pakona pake, mahedifoni kumutu. Anawavula n'kufunsa modekha, "A Hamish, mwalamula kangati?"

"Kanayi! Chonde, si nthawi yake ino."

"Apongozi sanamve lamulo ngakhale limodzi. Tandiwerengerani, pamwamba pa zenera lanulo palembedwa chiyani?"

Tonse tinayang'ana. Zeneralo linali lobiriwira. Anthu asanu a maso athu abwinobwino tinaima pamenepo mphindi makumi awiri tikuonerera bwana akuchiritsa gulu limene silinadwale. Tevita ananong'ona kuti, "Aise, tikaponye maso athuwa mumtsinje."

Hamish anatsegula zenera lofiira n'kuyamba kulemba lamulo lomwe lija. Narelle anamva kulira kwa kiyibodi yake ndipo anakweza mawu, koyamba chibwerereni. "Chotsani manja! Pali kontena imodzi yolongolola, ikulemba dandaulo lomwelomwelo kambirimbiri, yadzaza maseva awiri. Mukadzutsa zonse nthawi imodzi ikadzaza otsalawo. Kuthamanga sikufika, bwana."

Hamish anachotsa manja pa kiyibodi. Anayang'ana khoma lozima, n'kuyang'ana mayiyo. Kenako analemba mizere iwiri pa kompyuta yake, nati, "Ndakutsegulirani. Yendetsani."

Narelle anazula chingwe cha mahedifoni kuti tonse timve. Liwu la bambo uja linadzaza chipinda, likuthamanga moti sitinatolepo kanthu. Iye anali atakhala mowongoka, nkhope itaweramira mbali imodzi, zala zikuyenda osapupuluma. Anayamba waimitsa kontena yolongolola ija. Anatseka seva yoyamba kuti isalandirenso katundu, n'kusamutsa makontena ake kupita kwa ena. Anadikira mpaka yomaliza itayankha kuti yafika. Anachotsa zinyalala zimene zinadzaza sevayo, n'kuitsegulanso, ndipo ndi pamene anapita kwa yachiwiri.

"Wakhala pansi aliyense?" anadzifunsa chapansipansi, n'kulemba lamulo lina. Anamvetsera mndandanda wa mayina mazana atatu m'kanthawi kamene ine ndikanawerenga khumi. "Awiri akanali chiimire. Tidikire." Tinadikira. Kunena zoona ine ndinachita tsemwe thupi lonse. Sindinaonepo munthu akumva makina motero.

Patatha mphindi khumi ndi imodzi sikirini yapakhoma inayaka yokha. Mafoni anayamba kuchepa. Odwala anachedwa tsiku limenelo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphonya nthawi yake yotsuka magazi.

Narelle anatembenukira kumene kunali kupuma kwa Hamish. "Ndamaliza, bwana. Mutha kutsekanso."

Hamish, munthu wa zaka makumi asanu, anapukuta m'maso anthu tikuona. "Ndinakulakwirani, mayi. Kiyi imeneyo ndi yanu."

Lero Narelle ndi amene amaphunzitsa aliyense wobwera kumene, ndipo palibe amene amakhudza gulu lenileni asanadutse m'manja mwake. Maso ake sanabwerere, ndipo sadzabwerera. Masiku ena zimamuwawabe, ndipo sabisa.

Mwina nanunso chinakuchokerani chimene munkati ndicho moyo wanu wonse: thanzi, ntchito, sukulu imene munailephera. Mwina pali munthu amene wagwira kiyi n'kumakuuzani mwaulemu kuti simungathe. Lirani ngati kulira kwabwera, palibe cholakwa. Mukatha, gwirani chimene chakutsalirani n'kuchinola tsiku ndi tsiku, ngakhale palibe amene akukuonani. Mtima wokhawo musautaye, abale anga.