Gemu Imene Achimwene Anasiya Itaima

Ndinadzuka kusanache, ndili pamphasa pabalaza pa nyumba ya achimwene anga a Fanuel, mutu nditautsamiritsa pamwendo pa mayi wina yemwe sindinkamudziwa n'komwe. Bokosi linali pakati pathu. Kwaya yomwe inachezera kuimba inali itatopa, kutangotsala amayi awiri atatu akung'ung'udza pansipansi. Kunja mvumbi unali usanaleke chimwalirireni achimwene. Chimene chinandidzutsa si nyimbo kapena kuzizira ayi. Kuchipinda chogona kunkamveka kakulira, pii, pii, ngati mwanapiye wotayika. Inali inveta, ikudandaula kuti batire latsala pang'ono kutha.

Mudzi wathu ku Phalula uli kuseri kwa msewu waukulu, ndipo magetsi sanafikeko. Achimwene anali ndi sola padenga, batire ndi inveta. Anthu ankati anagulira kuunikira m'nyumba, koma ife tinkadziwa kuti anagulira magemu. Munthu wa imvi kumutu, wa ana akusekondale, ankasunga makina akale a magemu, aja olowetsa kaseti pamwamba, pamodzi ndi TV yotupa kumbuyo ndi makompyuta awiri achikasu ndi ukalamba. Makina oyamba anabwera nawo ndi malemu bambo athu kuchokera ku Joni tili ana. Tinkasewera awiriwiri, iwo ndi ine, TV itamangiriridwa ku batire la lole. Kaseti ikakana tinkaiuzira ngati phala lotentha. Ine ndinakula, n'kupita kukasoka zovala ku Balaka. Iwo pa nkhani imeneyi sanakule.

Madzulo a tsiku lomwe anadwala anandiimbira foni. Panali gemu ina ya kamunthu koyenda ndi nyali m'mapanga, imene inatikanika chiyambire ubwana wathu. Anati, "Chemwali, ndafika pa siteji yomaliza. Ndaimitsa kaye, mutu ukundisautsa. Ndimalizitsa ndikabwerako kuchipatala." Anali BP. Sanabwereko.

Makina akale aja sasunga kanthu. Moto ukangoduka, ngakhale kwa kuphethira kwa diso, zonse zimafufutika, umayambanso pachiyambi. Achimwene anazimitsa TV yokha kuti isadye batire, makinawo n'kuwasiya ali on. Ndiye m'chipinda mwawo, pakatebulo, panali kanyali kofiira kakuyakabe, ndipo m'kati mwa makinamo kamunthu kawo kanali kataima pomwe anakasiya. Anthu onse ankalirira munthu wa m'bokosi. Ine misozi inali itandikana. Mtima wanga unali pa kanyaliko, kuti kasazime.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kulowa kuchipinda. Alamu anga, mkazi wa malemu, anali atakhala pansi pafupi ndi khomo, atafunda chitenje kumutu, azakhali awo atawagwira. Sanandiyang'ane. Ine ndi iwo sitinakanganepo, koma sitinkagwirizananso kwenikweni. Zaka zonsezi ankati magemu ndi zachibwana, ankati anakwatiwa mitala ndi TV. Ndinazula mababu awiri ndi mafoni a anthu omwe anali atalumikizidwa ku inveta kuti atchaje. Kulira kuja kunayamba kaye kwaleka. Mafoniwo ndinakawaika pazenera osafunsa eni ake.

Kutacha ndinatuluka. Kuseri amayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolo, wina akukupiza moto ndi chivundikiro cha ndowa. Adzukulu anali atalawirira kale kumanda ndi makasu, ndipo uthenga unabwera wakuti dzenje likudzaza madzi, atumizireni zidebe. Pamsewu anyamata anayala masamba atsopano chifukwa adzulo anali atapondedwa ndi njinga. Anthu anayamba kufika, ena pansi, ena pa kabaza, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ndinkavomera. Dzanja langa linkangopita ndi kubwera ngati la munthu wina.

Chakum'mawa komweko kunafika kapikapu koyera kodzaza azibambo. Amenewa anali anzawo a achimwene a magemu. Ankakumana kamodzi pamwezi, lero kwa uyu mwezi wamawa kwa uyo, aliyense atanyamula makaseti ake m'jumbo. Panali mphunzitsi wa ku Machinga Boma, panali wokonza mafoni wa ku Liwonde, panali wina wamimba yaikulu amene amagulitsa nandolo. Mwini galimoto anali Che Sumani a ku Nselema, a ndevu zoyera ndi kofia kumutu, ogulitsa zipangizo za njinga. Achemwali anga aakulu ankawatcha gulu lonselo nkhalamba za ku nasale. Tsiku limenelo anatsika mwakachetechete, atavala majekete, ngati anthu olongosoka.

Asanakhale n'komwe, amalume anandiitana. Amalume ndiwo eni mbumba, ndipo maliro onse anali m'manja mwawo. Anati batire la chimkuzamawu latha ndi kwaya ya usiku, ndikatenge la m'nyumba, anthu ndi ambiri sangamve mwambo popanda sipika.

Ndinati, "Iyayi amalume, limene lija likugwira ntchito."

"Ntchito yanji masana ano?"

Ndinawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha kuchipewa chawo. Anati, "Iwe, mlongo wako ali m'bokosi umo, ndiye ukundiuza za zidole?" Sanakweze mawu. Anangotuma mnyamata wina kuti akalitenge, ine n'kukaima pakhomo la chipinda ngati mlonda. Manyazi ndinalibe, mantha ndinalibe. Ndinangoima.

Che Sumani ndi amene anabwera kudzaona chomwe chikuchitika. Nditawalozera kanyali kofiira kaja, sanafunse funso lililonse. Anatuluka n'kukanong'oneza anzawo, ndipo ndinaona azibambo aja akudzuka mmodzimmodzi pabenchi. Anatsegula boneti ya pikapu, namasula batire, nalinyamula awiri kudutsa pakati pa anamalira, atalifunditsa jekete kuti lisanyowe. Anthu ankadabwa, koma pamaliro munthu safunsa zambiri.

M'chipindamo anagwada mozungulira katebulo. Wokonza mafoni anatulutsa mawaya awiri okhala ndi zopanira. Anayamba walumikiza batire la galimoto ku la m'nyumba, onse awiri n'kumagwira ntchito limodzi, kenako ndiye anayamba kumasula lakalelo pang'onopang'ono. Mphunzitsi anagwira waya wa inveta ndi manja awiri kuti usagwedezeke. Wanandolo uja ankaunikira ndi foni, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Pabalaza amayi a mpingo anali atayamba nyimbo yotsanzikana. Waya womaliza utachoka, tonse tinayang'ana malo amodzi. Kanyali kanali kakuyakabe.

Che Sumani anapumira m'mwamba nati, "Alhamdulillah." Wanandolo anayamba kulira pomwepo, kulira kwenikweni kwa mapewa kugwedezeka. Ine ndinangomuyang'ana.

Ndinawapempha kuti mmodzi wa iwo ayatse TV amalizitse, popeza amaidziwa gemuyo. Onse anapukusa mitu. Mphunzitsi anati, "Pagulu pathu gemu ya mwini saimalizira, mayi. Mnzako akaimitsa n'kupita kukataya madzi, padi yake yosewerera siikhudzidwa, ngakhale achedwe bwanji. Wabanja ndiye angagwire." Che Sumani anawonjezera kuti batirelo alisiya mpaka madzulo, koma akaswali magaribi, pemphero la polowa dzuwa, ayenera kunyamuka, chifukwa kunyumba anasiya mayi awo odwala.

Batire lakale lija tinawapatsa amalume. Linali lofooka kale, ine ndinkadziwa, anzawo a achimwene ankadziwanso. Mwambo unayamba bwinobwino pansi pa tenti yodontha. Anayankhula a mpingo, anayankhula a kuchikazi. Pofika pa amalume, ali m'kati mofotokoza mbiri ya malemu, pomwe anabadwira ndi sukulu zomwe anaphunzira, sipika inakhosomola n'kuzima. Anaigogoda, anaiuzira, osatheka. Anapitiriza ndi pakamwa pokha, mawu awo akumezedwa ndi mvula ya patenti. Anthu akumbuyo sanamve kalikonse za moyo wa achimwene. Amalume anatembenuka n'kundipeza ndi maso pakati pa amayi onse aja. Sindinazolike.

Tinanyamuka kupita kumanda dzuwa lisakuoneka kuti lili pati. Njira yake imadutsa m'minda, chimanga chinali cha m'chiuno, masamba ake akutinyowetsa zitenje. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha kuterera. Anzawo aja nawonso anaikapo mapewa, Che Sumani kutsogolo, kofia itanyowa. Kumanda adzukulu anali atakapa madzi, koma pansi panali ponyezimirabe. Bokosi linatsika. Dothi linali lolemera, silinkamveka ngati dothi pogwa. Anaitana alamu kukaika nkhata, anaitana ana, anaitana ife alongo. Ndinaika yanga n'kubwerera pamalo panga. Ndikunena zoona, nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti kunyumba kwatsala ana okhaokha, wina akhoza kulowa kuchipinda n'kukoka waya.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kubalalika. Tenti inatsitsidwa. Mabenchi a kutchalitchi anawakweza pangolo. Amalume analengeza kuti mawa m'mawa ndi kusesa, katundu yense wa malemu atulutsidwe panja abale aone. Ine sanandiyankhulenso. Pofika chisisira panyumba panatsala ife apabanja ndi kapikapu koyera kaja, boneti ili yasa. Azibambo aja anakhala pakhonde. Che Sumani anapempha madzi ndi mkeka, nakaswali kuseri kwa nkhokwe. Sanandikumbutse kanthu, koma ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

Ndinalowa kuchipinda n'kuyatsa TV. Inatenga nthawi kuti iwale, monga mwa masiku onse. Kenako kanaoneka kamunthu kachikasu, nyali ili m'manja, kataima m'mphepete mwa phompho, mwendo umodzi uli m'malere. Malo amenewo ndinali ndisanawaonepo. Ndinakhala pabedi n'kutenga padi yawo. Mabatani ake anali osalala, zilembo zitafufutika ndi chala chawo.

Ndinamva munthu akukhala pambali panga. Anali alamu. Ndinayembekeza kuti anena kuti ndizimitse, tsiku ngati lalero si la zimenezi, ndipo yankho ndinali nalo kale pakamwa, lakuti gemu imeneyi ndi ya ine ndi mlongo wanga, iwo anaipeza. Koma maso awo anali pa TV.

Ndinadina batani. Nyimbo ya gemuyo inayambira pakatikati, pomwe inadukira. Zala zanga zinali zitaiwala zonse. Kamunthu kanadumpha mochedwa, kanagunda mwala, n'kugwera m'phompho muja nyali ili m'manja. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Umenewo unali moyo wake womaliza. Zaka zonse zija, batire la galimoto ya eni, mbiri ya achimwene yosamveka kumaliro awo omwe, ine n'kuzitaya pa kudumpha kumodzi. Ndinakhala duu, kudikira kuti TV ilembe kuti gemu yatha.

Siinalembe. Chithunzi chinada kaye, kenako chinabwerera kumapanga oyambirira, kufupi ndi pachiyambi penipeni. Pamenepo panaima kamunthu kena, kabuluu, kakudikira. Achimwene sankasewera okha. Anasankha ya anthu awiri, yosinthana, woyamba akafa wachiwiri n'kulowa.

Alamu anatulutsa dzanja m'chitenje, natenga padi yachiwiri yomwe inali pansi pa pilo.

Anati, "Ameneyo ndi ine. Ndimangofera pamenepa, pa mileme. Amati andiphunzitsa akabwerako."

Ndinawafunsa kuti anayamba liti. Anati chichokereni ana kupita kusukulu yogonera konko, madzulo nyumba inkakula. Anati anawaletsa achimwene kuuza munthu, anthu angawaseke.

Anayamba kuyendetsa kamunthu kawo pang'onopang'ono, thupi lonse likupendekera komwe kakupita, ngati momwe ndinkachitira ine ndili mwana. Kunja mvula inali italeka. Panalibe kwaya, panalibe mapoto, panalibe woyankhula. Ndinaona mthunzi wa Che Sumani utafika pazenera, sipanala ili m'manja, akudzatenga batire lawo. Anayang'ana TV, anayang'ana alamu, kenako anabwerera pakhonde n'kukhala pansi.

Pamenepo ndiye misozi inabwera, ndipo ndinadziphimba pakamwa ndi chitenje kuti ndisawasokoneze. Alamu anafika pa mileme paja, naimitsa kamunthu kawo chapatali pang'ono. Osachotsa maso pa TV anandifunsa kuti, "Alamu, apa mumadumpha kapena mumawerama?"