Kabokosi kopanda nkhope

Loweruka lililonse ndinkaphunzitsa ana a ku Chinyunyu kupanga masamba a pa intaneti, m'kalasi yobwereka, pa malaputopu akale otchajidwa ndi sola. Ndine wovuta, sindikana. Lamulo langa linali lakuti aliyense akaika chithunzi pa tsamba lake, alembenso mawu onena zimene zili pachithunzipo. Mawuwo amabisala kuseri, amangotulukira chithunzi chikakana kutseguka. Poti netiweki ya kuno imabwera ngati mlendo, woiwala ndinkamukalipira ndithu.

Panali mtsikana wina wachete, wa giredi seveni, amene mayi ake anamwalira nthawi yokolola. Pa tsamba lake anaikapo chithunzi chawo. Anachikopera mu foni ya malemuwo achibale asanagawane katundu, ndipo amene anatenga foniyo anafufuta zonse. China panalibe. Anzake akathamangira panja, iye ankatsala, maso ali pa nkhopeyo, milomo ikuyenda popanda mawu. Ndinkanamizira kukulunga mawaya kuti ndisamuone.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anafika azakhali ake, amene ankamulera. Mpando anaukana.

“Ba ticha, chosanimo chikope,” anatero, akuloza chithunzicho. “Mwana sagona, akamba na amai ake. Zovala tinagawana, mwambo unasila. Munthu afunika apumule.”

Ndinati n'chithunzi chabe, ndipo n'chokhacho chimene mwana watsala nacho. Anandiyang'ana ngati ine ndiye wa giredi seveni. Mtsikanayo anangogwiritsa m'mphepete mwa desiki. Koma maliro sanali anga. Ndinafufuta chithunzicho, mtima ukundiwawa.

Azakhali anati nditsegulenso tsambalo, adzionere okha. Ndinatsegula. Pamene panali nkhope panatsala kabokosi koyera, ndipo m'kati mwake munatulukira mawu:

“Amai ali pano. Sanapite.”

Azakhali anawerenga, nafunsa monong'ona kuti walemba ndani, poti palibe anagwira laputopuyo koma ine. Yankho ndinali nalo, si ndine ndinawaphunzitsa anawo kulemba mawu akuseri aja? Koma ndinalisunga mumtima. Azakhali anamanga chitenje, natuluka chambuyo, osandiuza kuti ndichotsenso mawuwo. Inenso sindinawachotse.

Mtsikanayo anakoka mpando, nakhala pafupi ndi kabokosiko. Milomo inayambanso kuyenda.