Mkodzo wa Ng'ombe ya Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la m'khola ndimadzitukwana chamumtima.

Anali masiku aja olowa mumsika wa Chikwawa ndi khadi la chipani. Kwathu kwa Maseya kunabwera katswiri wa zaulimi, a Fole, amene ankafufuza njira yopezera amoniya wa feteleza mumkodzo wa ng'ombe, m'malo modalira mafakitale otentha mafuta ambiri. Ine anandilemba ganyu yowapatsa botolo limodzi tsiku lililonse, kuchokera kwa ng'ombe ya apongozi anga aamuna.

Kodi munayamba mwadikirapo ng'ombe kuti ikodze? Ine bambo wa ana atatu, chidebe m'manja, kuilondola kumbuyo mpaka dzuwa kuswa mtengo! Ndikangoyang'ana kumbali, iyo n'kukodza. Tsiku lachinayi inandiponda phazi. Ndinapsa mtima, ndinazemba kuseri kwa khola, botolo lija n'kulidzaza ndekha. Ndinatero sabata yathunthu.

A Fole atayeza, anafika kwa apongozi nkhope itagwa. "Pepani madala, mkodzo uwu suli bwino. Ng'ombe yanuyi ikudwala."

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Bambo a Tereza, inu mumakhala nayo tsiku ndi tsiku. Mwaonapo chachilendo?"

Pamenepa ndi pomwe ndikanaulula. Koma mkamwini angayambe bwanji nkhani ya mkodzo wake pamaso pa apongozi? Ndinangoti, "Eee, masiku ano imaoneka yofooka ndithu."

Loweruka anaipha kuti isafe yokha, ndipo kafukufuku uja anathera pomwepo. Pogawa nyama, apongozi anati amene anavutika nayo kwambiri ndine, choncho anandipatsa chiwindi chonse.

Ndinadya.