Ndudu Yokhaulitsira Aphunzitsi

Amalume ankasunga tsamba limodzi la fodya m'kati mwa Baibulo lawo. Linali lofiirira, lopyapyala, lonunkha chigafa cha kwathu ku Kasungu. Anabwera nalo ku Doha atapeza ntchito ya ulonda ku Al Dafna. Ine ndinkakhala ku Al Sadd ndi amayi, omwe anali namwino, ndipo ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Nyengo yotentha itangoyamba, kusukulu kunali sabata yoletsa kusuta. Aphunzitsi anati aliyense abweretse chinthu chokhudza fodya. Anzanga anabweretsa zithunzi za mapapo akuda. Ine ndinabwereka tsamba lija monyadira, poti fodya ndiye anaphunzitsa amayi sukulu.

Aphunzitsi analinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Analikhoma pabolodi, n'kulemba pansi pake kuti poizoni. Kenaka anandiimiritsa, n'kuuza kalasi yonse kuti anthu a dziko langa amalima imfa. Kuyambira tsiku limenelo, ana ankatseka mphuno ndikamalowa m'basi ya sukulu.

Tsamba linabwerera lophwanyika. Amalume analiyang'ana nthawi yaitali.

"Khalas, mphwanga, zisiye," anatero. "Matitcha akuno sadziwa. Ife fodya timalima, sitisuta. Pakhomo pathu palibe anaikapo ndudu pakamwa."

Mpaka lero mtima umandipsa. Mphunzitsi uja akanangofunsa, akanamva zimenezo, ine n'kumanyadira kusasuta ngati mwambo wa kwathu. Koma iye ankafuna chitsanzo, ndiye anatola ine.

Sindinazisiye. Ndinalumbira kuti andiona. Ndinapempha ndudu kwa anyamata a m'kalasi yapamwamba, n'kukasutira kuseri kwa mpanda, moyang'anana ndi zenera la aphunzitsiwo. Dzuwa likuwotcha pakhosi, chifuwa chikubaya, misozi ili chuchuchu, koma mumtima ndikuti: onani, sabata yanu yapita pachabe. Mawa lake ndinasutanso, mkuja chimodzimodzi. Ndinkafuna asuzumire, andione, manyazi awagwire monga anandigwirira ine.

Sanasuzumirepo. Teremu itatha, kontrakiti yawo inathanso, anakwera ndege kubwerera kwawo osadziwa kanthu. Ine ndinapitiriza, ndikudziona ngati ndapambana.

Sindinkadziwa kuti m'banja lonse la alimi a fodya, woyamba kupumira pakati pa masitepe ndidzakhala ine. Sindinkadziwanso kuti wodzakhaula ndi amayi, omwe tsopano amaika khutu pamsana panga, n'kumva zimene amamva kwa odwala awo.