Mkono wa Che Abudu pa chitunda cha Chowe

Aliyense amene ankayendetsa galimoto pa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Chiponde m'ma 1988 ankaudziwa mkono wa Che Abudu. Nkhope yawo ankaidziwa ndi ochepa, popeza munthu umakhala kumbuyo kwa lole yawo ukumeza utsi. Koma mkono wamanja uja, wotulukira pazenera malaya atapindidwa, unali ngati chikwangwani.

Che Abudu anali a kwa Mponda, dalaivala wa zaka makumi awiri pa chiwongolero. Anayamba ndi kunyamula nsomba zouma kupita nazo ku Limbe. Nkhondo ya ku Mozambique itakhuthulira anthu kumalire, anapatsidwa ntchito yokweza ufa ndi nandolo za othawa nkhondo. Lole yawo inali nkhalamba, ndipo ikadzaza inkakwera chitunda cha Chowe mwakuti mayi wosenza nkhuni ankatha kuyenda nayo limodzi akucheza.

Msewuwo unali wopapatiza, wokhotakhota, kwina thanthwe kwina phompho. Wakumbuyo sankaona kanthu, ankadalira maso a wakutsogolo. Madalaivala ena ankathwanitsa siginolo, yakumanzere kunena kuti pita, yakumanja kuti dikira. Che Abudu mababu sankawakhulupirira, ati amapsa osatsanzika. Ankatulutsa mkono. Chikhatho chikayang'ana kumbuyo, ndiye kuti khala pomwepo. Akakupiza zala, umadutsa ngakhale utatsinzina.

Bonface, yemwe ankapanga matola ndi pikiapu, mkono umenewu ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Anali wamagazi otentha, wokonda kufika ku Chiponde anzake asanatole okwera onse. Che Abudu anawatcha Kamba, ndipo akawapeza pa siteji ankawanena pamaso.

"Bambo, msewu uja munachita kugula? Mumatisunga kumbuyo ngati tikuperekeza maliro."

"Mwanangu, kuthamanga si kufika," ankayankha choncho Che Abudu, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Lachinayi lina m'mawa, Bonface ananyamula anthu khumi ndi anayi, ambiri azimayi ndi madengu a usipa. Anaipeza lole ija pakati pa chitunda. Chikhatho chinali panja kale. Anaimba hutala mpaka chala chinachita dzanzi, koma chikhatho chili chiimire. Atasuzumira anaona kamtunda kowongoka kopanda kanthu, ndipo anati mdalayu lero akungochita nkhanza. Anatsitsa giya n'kutulutsa mphuno ya pikiapu kumanja.

Apa Che Abudu anachita zimene sanachitepo. Anatulutsa phewa ndi mutu womwe, mkono ukumenya mpweya cham'mbuyo, kapu yawo yoyera yakumutu n'kugwa pansi. Bonface anali asanawaonepo akupsa mtima. Mantha anamugwira, anaponda buleki n'kubwerera kuseri kwa lole.

Sanamalize n'kupuma komwe. Pakhona panatulukira lole ina yotsika, mabuleki atatha, utsi ukufuka m'mateyala. Inakhula mbali yonse ya lole ya Che Abudu, inadutsa pikiapu ija mpata wake wa chikhatho chimodzi, n'kukaima pogunda thanthwe kumunsi. Pamene inadutsapo ndi pomwe Bonface anali ndi anthu ake kamphindi kapitako.

Che Abudu anali ataiona kalekale lole imeneyo. Poti ankakhala pamwamba, maso awo ankadumpha chigwa kukaona makhona atatu kutsogolo, ndipo utsi wa mabuleki ankaudziwa. Anakanikiza lole yawo kuthanthwe mpaka pomwe ikanathera. Nthawi yobweza mkono anali nayo. Koma anaona kuti pikiapu sinamalize kulowa, ndiye anausiya panja, lole yotsika ija n'kuuphwanya.

Bonface ndi amene anawatengera kuchipatala, atawakulunga mu chitenje cha mayi wina. Njira yonse ankalira ngati mwana, iwo akumuuza chapansipansi kuti asathamange pamakhona. Mkonowo anaudula pamwamba pa chigongono.

Mpaka lero Bonface akamafotokoza nkhaniyi amati waona anthu olimba mtima pamoyo wake, koma uyu ankamuposa nzeru. Munthu amene iye ankamunyoza pagulu anaona chitsulo chikubwera, n'kusankha kusunga anthu khumi ndi anayi osawadziwa pamodzi ndi wamwano mmodzi.

Che Abudu sanayendetsenso galimoto. Anatsegula kaokala pafupi ndi mlatho wa Shire, kugulitsa mchere, sopo ndi palafini. Bonface anatenga miyezi iwiri akuzengereza, manyazi atamumanga miyendo. Tsiku limene anapita, ananyamula kapu ija, imene anaitola pamsewu n'kuichapitsa. Anafika pakhonde, navula chipewa chake.

Che Abudu anaimirira. Kwawo dzanja lamanja ndi lodyera, lolandirira ndi lopatsira moni, ndipo lamanzere salipereka kwa mlendo. Anamuyang'ana Bonface akumwetulira, natambasula lomwe anali nalo.

"Pepani mwanangu, ndikupatsani lamanzere. Azimayi aja anafika bwino onse?"

Bonface analigwira ndi manja awiri, nagwada pafumbi pomwepo.